Galimoto ya Ada Inkathyoka Lolemba

Ndikukumbukira chaka chimene ndinatsala pang'ono kusiya sukulu chifukwa cha kachitsulo kotalika ngati pensulo. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Sitandade 8, tikukhala kumtunda kwa msika wa pa Chintheche, ndipo mayeso anali atayandikira.

Bambo anga, amene kwathu kuno timati Ada, anakhala zaka zambiri ku Joni akugwira ntchito m'galaja. Pobwera anabwera ndi masuti, chipewa, ndi galimoto ya pikiapu yomwe inali yakale kale ngakhale nthawi imeneyo. Inali yaikulu kwa ine, mwinanso kwa mlongo wanga wamkulu. Koma Ada ankaipukuta m'mawa uliwonse mpaka kumaoneka nkhope pachitseko, moti anthu a pamsika anaipatsa dzina loti Suti. Ntchito yake inali kutenga matumba a usipa wouma ndi ufa wa kondowole kupita nawo ku Mzuzu.

Amene anayendapo msewu umenewo akudziwa zitunda zake. Suti ikadzaza katundu inkakwera ngati nkhalamba yonyamula mtolo, ndipo Ada zinkawanyansa kupitiriridwa ndi malole. Choncho anaisintha injini. Anamasula hedi, chimene ndi chivundikiro cholemera cha pamwamba pa injini, n'kukaipalitsa ku Mzuzu. Anaikitsa timapaipi tatsopano tothina momwe mumadutsa mavalavu, n'kugulanso kabuleta yaikulu, chosakaniza petulo ndi mpweya. Atabwezeretsa zonse, Suti inayamba kukwera zitunda zija ikubangula, ndipo Ada ankati akapitirira lole ankavula chipewa kupereka moni kwa dalaivala wake.

Ndifotokoze pang'ono za m'katimo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Mavalavu ndi tizitseko ta injini. Ena amatsegukira petulo kuti alowe, ena amatsegukira utsi kuti utuluke. M'magalimoto akale aja, valavu iliyonse imakankhidwa ndi kamkono kachitsulo kotchedwa roka, ndipo rokayo imakankhidwa kuchokera pansi ndi kandodo kowonda kotchedwa pushirodi. Kandodo kameneka ndiko kanafuna kundichotsa sukulu.

Chaka chimenecho Ada anandipatsa udindo. M'mawa uliwonse, iwo akumeta ndevu, ine ndinkaliza galimoto kuti injini itenthe. Lamulo linali limodzi: usaponde moto. Anzanga ankadutsira dala pakhomo pathu popita kusukulu kuti andione ndili pachiwongolero. Kunena zoona ndinkadzimva.

Tsiku lina Lolemba, m'miyezi yozizira ija mwera ukuwomba, ndinapotokola kiyi monga mwa masiku onse. Injini inagwira, kenaka ndinamva kuti thwa! Itatero inayamba kunjenjemera, kwinaku kumutu kukumveka kha-kha-kha ngati munthu akugogoda poto ndi supuni. Ada anatuluka sopo ali kumaso.

Anatsegula boneti, n'kumasula chivundikiro cha pamwamba, n'kusolola pushirodi imodzi. Inali itapindika ngati nthochi.

"Waponda moto iwe, Yotamu."

"Sindinaponde, Ada."

"Chitsulo sichipindika ndi mphepo."

Tinkayankhula Chitonga, koma mawu ake anali amenewo. Anakatenga galasi lodziyang'anira la Ama, mayi anga, n'kuligoneka pakhonde. Ankamenya pushirodi ija pang'onopang'ono pathabwa, n'kuigubuduza pagalasipo kuti aone pamene yatsala kupindika, n'kumenyanso. Itawongoka anaibwezera, ndipo galimoto inapita ku Mzuzu n'kubwerako bwinobwino. Sabata yonse inalira bwino. Nkhani ija inaoneka ngati yatha.

Lolemba lotsatira inapindikanso ina.

Apa m'pamene Ada anayamba kuwerengera zinthu m'mutu mwawo, ndipo kuwerengera kwawo kunali komveka, ndisaname. Iwo anali munthu wa mpingo. Suti sinkayenda tsiku la Sabata ngakhale munthu abwere ndi matumba angati. Kuyambira Loweruka masana inkaima pansi pa mtengo wa mango mpaka Lolemba. Lamulungu masana Ada ndi Ama ankabwereranso kutchalitchi ku msonkhano, ine n'kutsala pakhomo ndi mabuku. Tsono galimoto yolira bwino sabata yonse, yothyoka Lolemba lokha, imasonyeza chiyani? Kwa Ada yankho linali poyera: mwanayu Lamulungu amailiza galimotoyi, amaponda moto kuonetsa anzake, chitsulo n'kufooka, Lolemba n'kumalizika.

Anandikwapula ndi lamba wakale wa fani. Ine mtima wapachala ndinautengera kwa iwo omwe, ndiye m'malo molira ndinakuwa kuti anthu a pamsika amve.

"Tengani kiyi wanuyo! Muziliza nokha chigalimoto chanu chakufacho!"

Mawu amenewo anandionjezera zikwapu zina, koma kiyi anatengadi. Ndipo poti mtima unali utakwera, anaganiza zothana ndi vutolo mwamphamvu. Anakapeza mapushirodi a lole yakufa, onenepa ndi olimba, n'kuwadula kuti afanane msinkhu ndi a Suti. Powaika ankayankhula okha mokweza kuti ndimve: "Tione ngati awa angapindike."

Sanapindikedi. Lolemba linalo Ada analiza okha galimoto, ine ndili chiimire pakhonde ndi kapu ya tiyi. Kunamveka phokoso loposa lakale lija, ndipo atatsegula anapeza roka itathyoka pakati.

Mumtima ndinati basi, ndapulumuka, yathyokera m'manja mwawo. Ndinali ndisanawadziwe bwino bambo anga. Anayang'ana zidutswa zija, n'kuyang'ana ine.

"Galimoto zakalezi ngakhale ndi mawaya awiri zimalira. Ndinakuonetsa ndekha tsiku lija kiyi anasowa. Dzulo masana unali kuti?"

"Ndinali pano, ndimawerenga."

"Unali pano. Ndi zomwe ndikunenazo."

Tsiku lomwelo anatumiza uthenga ku Kande kwa mchimwene wawo wa Ama, amene ife timati asibweni, a Manda. Iwowa anali ndi bwato la injini ndi ukonde wa chilimira, ndipo nthawi zonse ankasowa anyamata okoka. Ada anati sukulu ndi ya anthu akumva. Munthu wabodza, wowononga chimene chikumudyetsa, akaphunzire panyanja. Mayeso alembe ena. Loweruka asibweni abwere adzanditenge.

Sabata imeneyo ndinapitabe kusukulu, koma sindikumbuka chilichonse chimene aphunzitsi ananena. Ndinkadziwa anyamata amene anapita ku chilimira akuti akakhalako nyengo imodzi. Palibe anabwerera m'kalasi. Ama anayesa kuyankhula, Ada n'kuwadula. Lachisanu ndinawaona Ama akupinda malaya anga n'kumaika m'thumba, yunifolomu n'kuisiya pachingwe. Yunifolomu yotsala pachingwe ija inandiwawa kuposa lamba wa fani.

Loweruka m'mawa asibweni anafika pa njinga yawo. Anali munthu wamfupi, wakhungu lopsa ndi dzuwa, wosafulumira pa chilichonse. Anamwa tiyi, anafunsa za odwala, anadandaula za mwera kuti wabalalitsa usipa. Kenaka anandiyang'ana ine ndi thumba langa.

"Ndiye wavomera mlandu wake mwanayu, alamu?"

"Akukana," anatero Ada. "Ndi chifukwa chake ndikukupatsani."

"Aa, ndiye zavuta. M'bwato mwanga simukwera munthu amene wasiya mlandu wosatha kumtunda. Nsomba zimathawa, ndipo nyanja imamudziwa. Anyamata anga akamva, onse atsika."

"Inu mkulu wa mpingo, mukukhulupirira zimenezo?"

"Mpingo uli kumtunda, alamu. Pamadzi paja ndimayendera za makolo. Mlanduwu uthe kaye. Akapezeka wolakwa, ndimutenga lero lomwe, ndipo akaona chomwe chinameta nkhanga mpala. Mboni zilipo?"

"Mboni yanji? Ife tinali kutchalitchi."

Asibweni analoza pansi pa mtengo wa mango ndi chibwano. "Inayo inalipo. Ine za galimoto sindizidziwa, koma inu mwakhala ku Joni. Ifunseni."

Ada anadzuka mwaukali moti mpando unagwa. Cholinga chawo chinali choti atsimikizire mlamu wawo kuti mwanayu ndi wabodza. Koma bambo anga anali ndi khalidwe limodzi limene ndinalimvetsa nditakula: pakamwa pawo pankapsa, koma manja awo akagwira sipanala ankazizira. Anali makanika weniweni, kungoti masabata onsewo ankatsegula injini ija mlandu atagamula kale, ndiye ankangoona chothyoka n'kuchichotsa.

Anayala thumba pansi, n'kuikapo mapushirodi aja anawongoledwa ndi zidutswa za roka. Anayamba kufotokozera asibweni kuti ichi chinachoka apa, ichi apa, ichi apa. Ali mkati molozamo, chala chawo chinaima. Zonse zinali zitachoka pa mavalavu olowetsa petulo. Pa mavalavu a utsi panalibe chinathyokapo ngakhale chimodzi.

"Bwanji, alamu?" anafunsa asibweni.

"Munthu akaponda moto mopitirira," Ada anayankha pang'onopang'ono, ngati akuuza injiniyo, "chitsulo sichisankha kuti ndithyoke cha uku kapena cha uku."

Anachotsa mzere wonse wa maroka, mitu ya mavalavu n'kutsala poyera, uliwonse pa sipuling'i yake. Anatenga hamala n'kumagogoda mutu uliwonse ndi chigwiriro chake chamtengo. Valavu ya utsi ankati akaigogoda inkatsika n'kudumphira m'mwamba nthawi yomweyo. Ya petulo yoyamba inatsika movutikira n'kubwerera mwaulesi. Ina anaigogoda, osasuntha. Anamenya mwamphamvu, inatsika, n'kukhala pomwepo osabwerera.

Ama anali ataima pakhomo la khitchini, mpeni uli m'manja.

"Gwira apa," anatero Ada. Amenewo anali mawu oyamba kundiyankhula chiyambire Lolemba.

Tinamasula hedi yonse n'kuigoneka pathabwa. Valavu yokakamira ija inachita kutuluka ndi kukhomedwa. Thunthu lake, limene limayenera kukhala losalala ngati singano, linali litakutidwa ndi zinthu zofiirira. Ada anazigwira, n'kutambasula zala, ndipo pakati pa zalazo panatuluka tiulusi tomata ngati ulimbo. Ananunkhiza. Inenso ndinagwira n'kununkhiza, ndipo fungolo ndinalidziwa nthawi yomweyo, chifukwa mwana aliyense wa kuno ankalidziwa. Tinkatola zotsalira za utomoni wa mitengo ya mpira, n'kuziika m'kabotolo ka petulo, zikasungunuka n'kumamatira machubu a njinga.

"Ada, uyu ndi solushoni."

Ada anaimirira. Anayenda kulowa m'kachipinda kosungira katundu, n'kutuluka ndi chigubu. Zaka zimenezo petulo ankatha kawirikawiri pa pampu, choncho Ada anali atayamba kusunga wawo kunyumba. Zigubuzo anawapatsa mnzawo wina wogwira ntchito ku esiteti ya mitengo ya mpira, ndipo kale zinkanyamula utomoni. Anazitsuka okha ndi sopo ndi mchenga wa kunyanja mpaka kuyera. Koma mpira sumva sopo. Umamva petulo.

Anakhuthulira petulo uja m'beseni, n'kudula chigubu pakati ndi chikwanje. M'kati mwake, makamaka m'makona ndi kumunsi kwa chogwirira kumene dzanja silifika, munali lendalenda ngati therere.

Zotsalazo anazilumikiza okha, mokweza, akuyang'ana pansi. Petulo wa mpira uja ankadutsa pa mavalavu olowetsa okha, n'kumasiya ulimbo pathunthu. Timapaipi tatsopano ta ku Mzuzu tija tinali tothina, ndiye ulimbo pang'ono unali wokwanira. Pakati pa sabata injini inkatentha tsiku lililonse, ulimbo n'kumakhala wofewa. Koma ikaima kuyambira Loweruka masana mpaka Lolemba, mwera ukuzizira, ulimbo unkauma n'kugwira valavu. Pushirodi ikabwera kudzakankha chitseko chomatidwa, inkapindika. Ataika zolimba za lole zija, mphamvu ija inasowa popindira, n'kukathyola roka. Ngakhale chimene chinkatseka kabuleta, imene ankaitsuka kawirikawiri akutukwana fumbi la mumsewu, sichinali fumbi.

Asibweni anamvetsera zonse akugwedeza mutu. Kenaka anatola theka la chigubu chija n'kulizunguza.

"Ndiye wolakwa ndi ameneyu, alamu? Mumangireni pakaliyala, akakoke chilimira ku Kande. Koma ndikuona ngati manja alibe."

Ama anaseka mpaka kukhala pansi. Ada sanaseke. Ine sindinasekenso. Ndinali chiimire, manja akuda ndi oyilo, ndikudikira mawu amodzi okha. Ndinadikira asibweni akutsanzika. Ndinadikira akukwera njinga okha, thumba langa litatsala pakhonde. Mawuwo sanabwere. Chimene Ada ananena n'chakuti, "Katenge palafini."

Masana onsewo tinatsuka mavalavu ndi timapaipi take, n'kukhuthula thanki. Lamulungu sitinagwire kanthu. Roka ina inachita kuchokera ku Mzuzu, ndiye Suti inakhala masiku angapo ili chitsegukire. Tsiku lomanga injini, Ada anatenga mapushirodi a lole aja n'kuwaponya kudzala, n'kubwezera akale owongoledwa aja. Ndinawafunsa chifukwa chake, poti a lole anali olimba.

"Kofewaka kamapindika kuti zikuluzikulu zipulumuke," anatero. "Kakapindika, kakukuuza kuti kwina kwake kwamata. Ine m'malo momva ndinakatseka pakamwa. Ndikanapitiriza, tikanataya hedi yonse."

Ndinkaganiza kuti apitiriza, afike pa ine. Anathera pomwepo, n'kundiuza kuti ndiwapatse sipanala.

Lolemba lotsatira nditadzuka ndinapeza yunifolomu yanga yositidwa, ndi kiyi wa Suti ali pambali pa kapu yanga ya tiyi. Ada anali kuseri akumeta ndevu. Ndinaliza galimoto, inagwira kamodzi n'kamodzi, n'kumalira mosalala. Inaliranso choncho Lolemba linalo, ndi linalo. Mayeso ndinalemba, ndipo ndinasankhidwa kupita kusekondale.

Lero ndili ndi galaja yanga m'mbali mwa msewu waukulu pa Chintheche pompano. Magalimoto a masiku ano ambiri alibe mapushirodi, koma nthawi zina kumabwera anthu okonda magalimoto akale, owasintha injini kuti azithamanga, atanyamula kachitsulo kopindika m'manja n'kumati ndiwapezere kolimba. Ndimawauza mosapita m'mbali kuti kolimbako sindiika. Ndimayamba ndafunsa: chathyoka cha mbali iti, chimathyoka injini ili yozizira kapena yotentha, mwasintha chiyani posachedwa, petulo mumasunga muti ndipo wakhala nthawi yaitali bwanji. Ena amanyansidwa ndi mafunso n'kupita kwina. Apite. Amabweranso atathyola zazikulu.

Mtima wapachala uja ndikadali nawo, ndipo anyamata a pagalaja ndi ana anga angakuuzeni. Ndimakalipa msanga, mokweza. Koma chilango chenicheni, chochotsa munthu ntchito kapena chomulanda chinthu, sindipereka ndisanatsegule n'kugwira ndi zala zanga. Pamene paonekera vuto nthawi zambiri si pamene layambira, ndipo amene ali pafupi ndi chothyoka amakhala wofewa, wosavuta kumuloza. Ndinakhalapo pushirodi ine, ndikudziwa.

Pali chinanso. Ada anamwalira osanena mawu aja ndinkadikira. Ama, mpaka ukalamba wawo, ankandiuza kuti kiyi uja pambali pa kapu ndiye anali pepani wa bambo ako, amuna a nthawi imeneyo ankapepesa choncho. Mwina. Ine sindinavomereze, ndipo sindivomereza. Kiyi ndi kiyi. Mwana amene wakwapulidwa pa mlandu wa chigubu amafuna kumva ndi makutu ake. N'chifukwa chake ine ndikakalipira mwana wanga kenaka n'kupeza kuti ulimbo unali kwina, sindimugulira kanthu, sindimusiyira kanthu patebulo. Ndimamuitana, n'kumuyang'ana kumaso, n'kunena kuti pepa, ndinalakwa ndine. Mawuwa amatuluka movutikira ngati valavu ya Lolemba m'mawa, koma ndimawakhoma mpaka atuluke.